Pemphero la Anthu a m'Chigwa cha Shire: Madzi, Malire ndi Malamulo a Dziko

Mulungu wathu, Chauta, Namalenga, Mphambe mwini mphamvu zonse, tagwada pamaso panu ife ana anu a m'chigwa cha Shire. Tachokera kwa Chapananga ndi kwa Kasisi, kwa Katunga, kwa Maseya ndi kwa Lundu. Tachokera kutsidya la kum'mawa, kwa Makhuwira ndi kwa Mlolo. Tachokera kwa Ngabu, kwa Mbenje, kwa Tengani, kwa Malemia, kwa Chimombo, kwa Ndamera, mpaka m'madambo a kwa Nyachikadza. Ena mwa ife ndi Amang'anja, ena ndi Asena, ena ndi zidzukulu za Amakololo, ena anatsika mapiri kudzafuna ntchito m'minda ya nzimbe ku Nchalo n'kukhazikika konkuno. Tikupemphera m'malo mwa onse: opita ku tchalitchi, opita ku mzikiti, osunga mwambo wa makolo ku Khulubvi, ngakhalenso amene mitima yawo yalema moti mawu opempherera awathera.

Tikukuthokozani chifukwa cha mtsinje wa Shire. Mumautulutsa m'nyanja ya Malawi, mumaudutsitsa m'mathithi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira komwe umapereka magetsi ku dziko lonse, kenako mumaufatsitsa kuno kwathu mpaka ukathire mu Zambezi. M'madimba mwake timakolola chimanga ndi mbatata pamene kwina kuli gwaa. M'madambo a Elephant Marsh ndi Ndindi timapha milamba ndi mphende. Munatipatsa mapira ndi mchewere zopirira dzuwa, thonje, ng'ombe ndi mbuzi, masau ndi malambe. Dziko limeneli ndi lokoma, Ambuye, ndipo timalikonda. Tikanakhala kuti sitilikonda, bwenzi titalithawa kalekale.

Koma mukudziwa kuti masiku ano mtsinje womwewo tikuuopa. Mu Januwale 2015 madzi osefukira anathamangitsa anthu pafupifupi 230,000 m'nyumba zawo m'dziko muno, ndipo Nsanje ndi Chikwawa anali m'gulu la maboma amene analira kwambiri. Tisanaimike bwino makoma, mu Malichi 2019 kunabwera mvula ya namondwe Idai. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 a magetsi, msewu wa M1 n'kuduka, ife n'kutsala tokha kumunsi kuno. Namondwe Gombe anatsatira chaka chomwecho. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anasiya anthu oposa 1,000 atafa kapena atasowa, ndipo oposa 600,000 analibe pogona. Madzi ataphwa, dzuwa linatenga malo: mu 2024 mbewu zinapsa m'minda, boma n'kulengeza ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28. Amayi athu analowanso m'madambo kukazula nyika pakati pa ng'ona, kuti ana agone atalawa kanthu.

Kumbukirani, Ambuye, onse amene madzi anawatenga. Kumbukirani makamaka amene matupi awo sanapezeke, amene abale awo sanathe kuwasambitsa, kuwaika m'manda ndi kumeta maliro awo. Tonthozani amasiye. Limbitsani ana amene amadzidzimuka usiku akamva mvula padenga.

Mutimvere, Chauta wathu.

Namalenga, inu munalenga chigwa chimodzi. Mvula yogwa pa phiri la Mulanje, ya ku Milange, ya ku Thyolo, ya ku Neno ndi ya ku Morrumbala, yonse imadzakumana pano. Malire anadula ndi anthu. Pa 11 Juni 1891, ku Lisbon, Angerezi ndi Apwitikizi anasainirana pangano logawana dziko lino, makolo athu osafunsidwa kanthu. Anagwirizana kuti malire atsate mtsinje wa Ruo mpaka pa Chiromo, kuchokera apo atsike pakati pa Shire, kenako akhotere kumadzulo n'kukwera mapiri amene amagawa madzi a Shire ndi a Zambezi. Kuyambira pamenepo mwana akafuna kukaona atsibweni ake kutsidya amatchedwa mlendo, ndipo anthu a chilankhulo chimodzi, ovina utse ndi valimba limodzi, anapatsidwa mbendera ziwiri.

Anaika malire pa madzi, kuiwala kuti madzi amayenda. Mu 2015 Ruo anasiya njira yake yakale n'kudzitsegulira ina, Makhanga n'kuzunguliridwa ndi madzi. Mtsinje ukatero, munda umene dzulo unali tsidya lino lero umapezeka tsidya lija. Mwini wake amaima m'mphepete kuyang'ana chimanga chake, osadziwa kuti akadandaule kwa mfumu iti, kapena ku boma liti.

Komabe tikukutamandani, chifukwa mzere wa pamapu sunathe kupha ubale. Nkhondo itavuta ku Mozambique m'zaka za m'ma 1980, dziko lino linalandira othawa kwawo oposa 1 miliyoni, ndipo ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni mudzi. Tinagawana nawo nkhuni, zitsime ndi manda ku Mankhokwe, ku Nyamithuthu ndi m'midzi yathu, mpaka mtendere unasainidwa mu 1992. Mu Disembala 2024, zipolowe za chisankho zitabuka kwawo, anawolokanso Shire ndi Ruo pa mabwato, zikwizikwi, ndipo tinawalandiranso. Nafenso njala ikatipana timawoloka kukasuma chimanga kwa iwo. Madzi akadzaza kwa Nyachikadza, ena mwa ife amathawira kumtunda kwa ku Mozambique chifukwa ndiko kufupi. Odwala awo amagona m'zipatala zathu, ana athu amakwatira ndi kukwatiwa kwawo. Anthu wamba anazindikira kale zimene maboma akuchedwa kuzilemba.

N'chifukwa chake tikupempherera atsogoleri a ku Lilongwe ndi a ku Maputo. Sitikupempha kuti wina alande dziko la mnzake. Tikupempha kuti muwapatse mtima wa Abrahamu, amene anakana kukangana ndi Loti pa nkhani ya msipu pokumbukira kuti ndi pachibale. Akhale pansi agwirizane chochita mtsinje wa m'malire ukasintha njira, kuti mlimi asataye munda wake kapena unzika wake chifukwa cha madzi a usiku umodzi. Apeputse zitupa za anthu a m'malire, kuti wopita kumaliro, kumunda kapena kuchipatala asamaopsezedwe ngati wakuba. Apolisi ndi asilikali a pa Marka, a pa Vila Nova da Fronteira ndi a pamadooko onse muwapatse mtima wolemekeza munthu wosauka. Mafumu a tsidya lino ndi a tsidya lija apatsidwe bwalo lovomerezeka lokambirana za minda, za asodzi ndi za ng'ombe zobedwa.

Uthenga wochenjeza za madzi uziwoloka malire msanga kuposa madziwo. Zambezi akadzaza, Shire amasowa kothira ndipo amabwerera kwa ife. Choncho otsegula zitseko za madamu a Kariba ndi Cahora Bassa, ngakhalenso a pa Liwonde, azikumbukira amene ali kumunsi. Dalitsani bungwe la ZAMCOM, limene pangano lake linasainidwa mu 2004 kuti mayiko 8 a m'chigwa cha Zambezi aziyendetsa madziwa mogwirizana, kuti ntchito yake ifike mpaka kwa mwini bwato. Doko la ku Nsanje linatsegulidwa ndi chisangalalo mu Okutobala 2010, koma sitima sizinabwere, popeza mayiko awiriwa anali asanamvane za njira ya pamadzi ndi za chilengedwe. Phunziro limenelo lisatayike: pa mtsinje wa anthu awiri, mmodzi sangagamule yekha.

Mutimvere, Chauta wathu.

Ambuye, palinso malire ena m'kati mwa dziko lathu lomwe, pakati pa dambo ndi mtunda, pakati pa dera la mfumu iyi ndi la mfumu iyo. Chaka chilichonse timauzidwa kuti tisamuke tipite kumtunda. Tikachedwa timatchedwa osamva, ena amati timakonda zolandira. Inu mukudziwa choonadi. Kudambo ndiko kuli chakudya chathu, ndiko kuli manda a makolo athu. Kumtunda kuli eni ake, nthaka yake ndi youma, ndipo mfumu yosamukira m'dera la inzake imaopa kuti ufumu wake watha. Palibe mayi amene amafuna kuti mwana wake agone mumtengo madzi akudutsa pansi. Chimene timafunsa n'chakuti, tikafika kumeneko tidya chiyani, timwa kuti, ana aphunzira kuti?

Tsegulani makutu a olamula kuti amve mafunso amenewa asanagamule. M'zaka za m'ma 1950 boma la atsamunda linakakamiza makolo athu kulima mizere popanda kuwafunsa za nthaka imene ankaidziwa, ndipo chigwa chino chinaona nkhondo ya mitumbira. Tisabwererenso kumeneko. Lamulo latsopano loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi la 2023, limene linalowa m'malo mwa la 1991, ligwiritsidwe ntchito mwachilungamo ndi mwachifundo. Wosamutsidwa apatsidwe malo okhala ndi umboni wa umwini, mjigo, sukulu ndi chipatala, ndipo aloledwe kusunga dimba lake kuti azikalima madzi akaphwa. Olandira anzawo m'dera lawo nawonso asaiwalidwe. Fewetsaninso mitima yathu ifeyo, kuti chenjezo likamveka tizinyamuka msanga, pakuti akuluakulu anati madzi saiwala khwawa.

Tikuika m'manja mwanu ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira, imene cholinga chake n'kuthirira mahekitala oposa 43,000 mpaka kukafika ku Bangula. Ithe, Ambuye, ndipo madzi ake afike. Pamene minda ikuphatikizidwa ndi kulembetsedwa potsatira malamulo a malo a 2016, dzina la mayi wamasiye lisasowe m'kaundula, ndipo mwana wamasiye asapezeke kuti ndi waganyu pa nthaka ya bambo ake. Inu amene munaona zimene zinachitikira Naboti ndi munda wake, yang'anirani munda wa wosauka aliyense m'chigwa chino.

Mutimvere, Chauta wathu.

Tikupempherera kayendetsedwe ka boma. Mu 1998 tinalonjezedwa mphamvu ku anthu, ndipo lamulo la maboma aang'ono linakhazikitsidwa. Koma kuyambira 2005 mpaka 2014 tinakhala opanda makhansala, ndipo mpaka lero zinthu zambiri zimadikira chilolezo ndi ndalama zochokera ku likulu. Madzi akafika pakhomo sadikira kalata. Oyamba kupulumutsa anthu amakhala mnyamata wa bwato, mphunzitsi wotsegula kalasi kuti anthu agonemo, ndi komiti ya m'mudzi yoona za ngozi imene ilibe ngakhale tochi. Yetero analangiza Mose kuti asasenze yekha milandu yonse, koma agawire ena udindo. Perekani uphungu womwewo kwa olamula athu. Makhonsolo a Chikwawa ndi Nsanje apatsidwe mphamvu pamodzi ndi chuma chake, ndipo nawonso aziwerengera anthu poyera mmene ndalama iliyonse yayendera.

Chiyambire pamene madzi anadula njira ya pakati pa Bangula ndi Chiromo mu 1997, anthu akuwolokabe pa Mtayamoyo ndi mabwato. Ana amene anabadwa chaka chimenecho lero ali ndi ana awo. Kumbutsani okonza ndondomeko ya chuma cha dziko kuti East Bank, tsidya la kum'mawa kwa Shire, ndi Malawi yemweyo, kuti mayi woyembekezera wa ku Makhanga, ku Osiyana kapena ku Muona ndi nzika yofanana ndi wa ku Area 47 ku Lilongwe.

Dalitsani a Pulezidenti ndi nduna zawo, aphungu athu, makhansala, mabwanamkubwa, ogwira ntchito ku DoDMA, nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndi ku nthambi ya zanyengo, asilikali opulumutsa anthu, anamwino ndi alangizi a zaumoyo. Dalitsani a Paramount Lundu, mafumu aakulu, magulupu ndi anyakwawa. Ochita bwino muwalimbitse, pakuti alipo ambiri ndipo amatopa. Koma gwirani dzanja la aliyense wolemba mayina a abale ake pa mndandanda wa ovutika, wogulitsa thumba la ufa wa m'misasa, wopempha mtsikana thupi lake kuti amupatse chakudya, womanga khoma lotchinga madzi ndi simenti yoperewera. Muwabweze asanaphetse anthu, ndipo akakana kubwerera, malamulo agwire ntchito yake mosayang'ana nkhope.

Mutimvere, Chauta wathu.

Tsopano, Mulungu wa chilungamo, tikubweretsa pamaso panu malamulo aakulu oyendetsera dziko lino. Tikukuthokozani chifukwa cha riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi malamulo a 1994 amene anatimasula pakamwa. Gawo 12 limatikumbutsa kuti mphamvu zolamulira zimachokera kwa anthu, ndipo wolamula amangozisunga m'malo mwawo. Gawo 13 limauza boma kuti lisamale chilengedwe poganizira ngakhale mibadwo imene isanabadwe. Gawo 30 limatipatsa ufulu wa chitukuko. Mawu amenewa ndi abwino. Koma analembedwa tisanaone anamondwe otsatizana chonchi, ndipo zimene Gawo 13 limanena za chilengedwe zinaikidwa ngati mfundo zotsogolera boma, sizili m'ndandanda wa maufulu a munthu. Lamulo la zachilengedwe la 2017 linavomereza ufulu wokhala m'malo aukhondo ndi athanzi; tikupempha kuti ufulu umenewu ukhazikike m'malamulo aakuluwo, pomwe sungagwedezeke ndi kusintha kwa maboma.

Tikukumbukiranso zimene zinachotsedwa. Gawo 64, limene linkalola anthu kuchotsa phungu amene wawataya, linafufutidwa mu 1995. Nyumba ya Seneti, momwe mafumu ndi nthumwi za maboma onse akanakhala ndi mipando, inathetsedwa mu 2001 isanakumane n'kamodzi komwe. Bungwe la Law Commission linamva maganizo a anthu n'kutulutsa lipoti lake mu 2007, koma zambiri mwa mfundo zake sizinafike pokhala lamulo. Pakati pathu ena akufuna Seneti ibwerere, ena akufuna ulamuliro wa m'zigawo, ena akuti tingolimbitsa makhonsolo. Sitikukuuzani chosankha, Ambuye, inu ndinu mwini nzeru. Tikupempha kuti nkhaniyi ikambidwe poyera, mopanda mantha ndi mopanda chidani cha mitundu, ndipo chimene chidzatulukepo chikhale chobweretsa boma pafupi ndi munthu amene madzi amayamba kumufika.

Ana aakazi a Zelofehadi ataona kuti lamulo la cholowa lawasiya kunja, anaima pamaso pa Mose n'kudandaula, ndipo inu munawavomereza, lamulo n'kukonzedwa. Mumatiphunzitsa kuti lamulo labwino limamva kulira kwa amene linawaiwala. Choncho ikadzafika nthawi younikanso malamulo a dziko lino, zokambirana zisadzathere m'mahotela a m'mizinda. Zidzafike pansi pa mtengo ku Ngabu ndi ku Tengani, m'Chisena ndi m'Chimang'anja, pa nthawi imene amayi abwerako kumunda. Msodzi adzafunsidwe, wolumala adzafunsidwe, achinyamata amene adzakhale ndi nyengo yovutayi zaka zambiri kuposa ife adzafunsidwe. Malamulowo adzanene momveka za munthu wothamangitsidwa ndi madzi kapena chilala: kuti ali ndi ufulu wochenjezedwa nthawi ilipo, wopatsidwa malo otetezeka, wofunsidwa asanasamutsidwe, ndi wokadandaula kukhoti akaponderezedwa. Adzanenenso kuti chuma chochokera mu mtsinje uno, magetsi, shuga ndi nyama za ku Majete, ku Lengwe ndi ku Mwabvi, chizisiyako gawo looneka kwa anthu amene amasenza zoopsa za mtsinjewo. Tetezani malamulo athu kwa aliyense wofuna kuwasintha kuti atalikitse ulamuliro wake kapena kudzikundikira chuma. Oweruza athu muwapatse kulimba mtima kumene anaonetsa pa 3 Febuluwale 2020, kuti akhale nako pa mlandu wa mlimi wosadziwika monga anakhalira nako pa mlandu wa chisankho.

Mutimvere, Chauta wathu.

Tikupempherera abale athu a kumtunda, a ku Thyolo, Mulanje, Blantyre, Mwanza ndi Neno. Mtengo ukagwa kwawo, mchenga wake umadzakwirira munda wathu; mtsinje wa Mwanza wadzaza mchenga moti mvula pang'ono umasefukira m'midzi. Sitikuwaloza chala, chifukwa makala okwera mapiri pa njinga kupita mumzinda ena amachokera m'nkhalango zathu zomwe, ndipo nafenso talima mpaka m'milomo ya mitsinje n'kuzula bango limene linkagwira nthaka. Tikhululukireni tonse. Apatseni otentha makala njira ina yopezera chakudya, apatseni a m'mizinda moto wina wophikira, ndipo maboma a kumtunda ndi a kumunsi aphunzire kukonzera limodzi mapulani a mtsinje umodzi.

Tikupemphereranso mayiko olemera, amene utsi wa mafakitale awo watenthetsa dziko ndi nyanja zimene zimabala anamondwe. Ife amene ambiri sitinakhalepo ndi galimoto kapena babu la magetsi m'nyumba ndife tikulipira. Mu 2022, ku Sharm el-Sheikh, mayiko anagwirizana zokhazikitsa thumba lothandiza pa zotayika ndi zowonongeka chifukwa cha kusintha kwa nyengo. Akhudzeni mitima kuti akwaniritse zimene analonjeza, aziona ngati ngongole yoyenera kubweza, ndipo ndalamazo zikafika m'dziko muno zisathere m'misonkhano, zifike kwa amene nyumba zawo zinagwa.

Pomaliza, Ambuye, tikudzipereka tokha. Tipatseni mphamvu zobzala mitengo ndi kuisamala mpaka ikule, zomanga nyumba pa maziko okwera, zolemekeza chenjezo la a zanyengo. Tipatseni kulimba mtima kopita ku misonkhano ya chitukuko cha m'mudzi ndi ya m'dera, kofunsa mafunso mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo, kovota poyang'ana ntchito osati nsalu kapena ndalama ya tsiku limodzi. Ana athu aphunzire, kuti mawa mainjiniya a madzi, maloya ndi olemba malamulo adzatuluke m'chigwa chino. Wa kutsidya akagogoda pakhomo pathu tizimutsegulira, ndipo ife tikagogoda kwawo tizipeza chimodzimodzi.

Dalitsani Chikwawa, dalitsani Nsanje. Dalitsani Mutarara ndi Morrumbala. Dalitsani Malawi ndi Mozambique, ndi mayiko onse omwera mu Zambezi. Tipatseni mvula ya muyeso, atsogoleri omva, ndi malamulo oteteza wofooka. Ulemu, mphamvu ndi matamando zikhale kwa inu nokha, lero ndi masiku onse. Tapempha zonsezi m'dzina la Yesu Khristu, Ambuye ndi Mpulumutsi wathu.

Amen.